Nevi ya South Africa: pa doko ikuwala, nanga panyanja ili kuti?

Ndiyambe ndi nyenyezi zimene ndikuipatsa nevi ya South Africa, gulu la nkhondo la panyanja, kuti amene muli pa changu mudziwiretu. Asilikali ake, anyamata ndi atsikana a yunifolomu yoyera mbee aja, ndikuwapatsa zisanu osachotsera. Zimene amaonetsa alendo ku Simon's Town, myuziyamu, sabumarini yakale ija komanso chikondwerero chawo chotsegula doko kwa anthu wamba, zinayi. Koma ntchito yeniyeni imene anthu okhoma msonkho m'dziko muno amalipirira, yoti sitima zizikhala panyanja n'kumalondera, ndikupereka ziwiri basi. Ena munena kuti nevi si lesitilanti yoti munthu aziipatsa nyenyezi, chabwino ndamva, koma chilichonse chimene chimadya ndalama za boma chaka ndi chaka n'kumalemba pa pepala kuti chichita zakutizakuti, imeneyo ndi sevisi ndithu, ndipo kasitomala ali ndi ufulu wofunsa.

Kwa amene simunafikeko, Simon's Town ndi katauni kakang'ono m'mphepete mwa False Bay kumwera kwa Cape Town, pamene njanji ya Southern Line imathera. Ambiri amapitako kukaona ma penguin a ku Boulders n'kubwerera osadziwa kuti adutsa pakhomo pa nevi ya dziko lonse. Malowa anali m'manja mwa Royal Navy ya ku Britain kwa zaka zoposa 140, ndipo anawapereka kwa South Africa mu 1957 kutsatira pangano la 1955. Nevi yokhayo imawerenga kubadwa kwake kuyambira pa 1 Epulo 1922, ndiye mu 2022 inakwanitsa zaka 100. Chondiseketsa ine mpaka pano n'chakuti likulu lake lili ku Pretoria, komwe nyanja amangoiona pa TV, koma sitima zikuluzikulu, doko lokonzera ndi ma sabumarini zonse zili kuno. Kwina kuli kampu ya ku Durban pa Salisbury Island, sukulu ya asilikali atsopano ku Saldanha ndi koleji ya ma ofisala ku Gordon's Bay.

Myuziyamu yawo ili mu msewu waukulu wa St George's, m'nyumba yakalekale imene ankakonzeramo milongoti ndi matanga a sitima za mphepo zija. Si malo onyezimira ayi, musayembekeze ma sikirini oti muzikhudza ndi chala, koma katundu ali mbwee, ma torpedo (mabomba oyenda pansi pa madzi ophulitsira sitima), mabomba otchera m'madzi, zovala zolowera pansi pa nyanja zokhala ndi chisoti chachitsulo, timasitima toyerekezera, mayunifolomu akale, ndipo munthu wokonda kuwerenga timapepala ta pakhoma atha kutha theka la tsiku osazindikira. Ana amakonda kwambiri nkhani ya Just Nuisance, galu wamkulu wa mtundu wa Great Dane amene analembedwa usilikali mu Royal Navy mu 1939, inde galu, ndi mapepala ake onse, chifukwa ankakonda kukwera sitima ya pamtunda limodzi ndi asilikali ndipo a njanji ankafuna kuthana naye. Anafa mu 1944, chiboliboli chake chili pa Jubilee Square chapafupi pomwepo.

Koma ngati nthawi yanu ndi yochepa, pitani ku Assegaai. Iyi ndi sabumarini yeniyeni ya mtundu wa Daphné yopangidwa ku France, poyamba inkatchedwa Johanna van der Merwe, inapuma ntchito mu 2003, ndipo mu 2024 anaikweza pamtunda n'kuitsegula kuti anthu azilowamo. Amene amaiyang'anira ndi a Naval Heritage Trust, ndipo chimene chimakometsa ulendowu ndi otsogolera alendo, ambiri ndi madala amene anagwirapo ntchito m'sitima zoterezi, ndiye sakuuzani za m'buku, akuuzani mmene munthu amagonera pafupi ndi torpedo, mmene madzi osamba amawasungira ngati golide, mmene fungo la dizilo limalowera m'zovala osachokamo. Mkatimo ndi mothina kwabasi, mapaipi ndi ma valve paliponse pamene mungayang'ane, ndipo mukatuluka mumayamba kuwapatsa ulemu wina anthu amene amakhala milungu m'chitsulo chotere osaona dzuwa. Valani nsapato zotseka ndi thalauza, ndipo amene mumabanika m'malo othina ganizani kawiri.

Chikondwerero cha nevi ndiye tsiku limene geti la East Dockyard limatseguka kwa aliyense. Bandi yawo ndi yodziwika dziko lonse ndipo imaimba mokoma zedi, pamakhala agalu ophunzitsidwa, mpikisano wothamanga ndi mzinga, ma diver akuonetsa luso lawo, ndiye chachikulu n'chakuti mumakwera m'sitima zankhondo n'kumazungulira. Anthu amakhala ochuluka, lawirirani m'mamawa, ndipo mutenge juzi ngakhale kuli dzuwa chifukwa mphepo ya ku False Bay siiona nkhope. Muyang'anenso makoma a doko louma la Selborne, malo amene amachotsamo madzi kuti akonze sitima, limene linatsegulidwa mu 1910, pamene sitima zimene zinakonzedwapo zinasiya zizindikiro zake zojambula ndi penti, mbiri yonse ili pakhoma pomwepo.

Ma frigate, sitima zikuluzikulu zankhondo za neviyi, ndi amene amakopa maso. Alipo anayi, Amatola, Isandlwana, Spioenkop ndi Mendi, onse opangidwa ku Germany, a mtundu wa MEKO A-200, otalika mamita 121, ndipo anayamba ntchito mu 2006 ndi 2007. Mukawayang'ana bwino muona kuti alibe chumuni chotulutsa utsi pamwamba ngati sitima zina, utsi amauziziritsa n'kuutulutsira m'munsi pafupi ndi madzi kuti mdani asaone kutentha, ndipo makoma ake ndi opendekeka dala kuti radar isawagwire msanga. Kutsogolo kuli mzinga wa 76mm, ali ndi mamisayilo a Exocet ophulitsira sitima zinzake ndi a Umkhonto, opangidwa konkuno ndi Denel, kampani ya boma yopanga zida, ogwetsera ndege, kumbuyo kuli bwalo la helikopita ya Super Lynx, imene ndi ya asilikali a m'mlengalenga osati a nevi. Maina ake si ongotola. Isandlwana ndi pamene Azulu anagonjetsa asilikali a Britain mu 1879, Mendi ndi sitima imene inamira pa 21 Febuluwale 1917 pafupi ndi Isle of Wight itagundidwa ndi sitima ina yotchedwa Darro, n'kupha anthu oposa 600, ambiri mwa iwo anthu akuda amene ankapita ku France kukagwira ntchito za manja pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. N'chifukwa chake tsiku la asilikali m'dziko muno limakhala pa 21 Febuluwale. Ma sabumarini atatu atsopano, nawonso a ku Germany a mtundu wa Type 209, anawapatsa maina a amayi, Manthatisi, Charlotte Maxeke ndi Queen Modjadji I.

Zonsezi mukaziona zili ndii pa doko, penti ili waliwali, mkuwa wopukutidwa, msilikali akukulandirani mwaulemu pa makwerero, mumachoka mukuti dziko ili ndi lotetezeka. Ndiye apa ndi pamene ine ndimakumbukira akuluakulu aja anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Sitima yankhondo siigulidwa kuti izikongola pa doko. Funso ndi lakuti pa sitima zinayi zija ndi zingati zimene zingadzuke mawa n'kupita ku Mozambique Channel n'kukhalako miyezi iwiri.

Tiyeni tione kaye ntchito imene anapatsidwa, chifukwa si yamasewera. Gombe la South Africa ndi lotalika pafupifupi makilomita 3,000, kuchokera ku malire a Namibia kuzungulira mpaka ku malire a Mozambique, nyanja ziwiri, Atlantic ndi Indian. Malamulo a dziko lonse amapatsa dziko lililonse ulamuliro pa nsomba ndi chuma cha m'nyanja mpaka mtunda wa ma nautical mile 200 kuchokera pagombe, ndipo mukaphatikiza madzi ozungulira zilumba za Marion ndi Prince Edward, zimene zili kutali kumwera cha ku Antarctica koma ndi za South Africa, dera lonse limafika pafupifupi masikweya kilomita 1.5 miliyoni, kuposa mtunda wa dzikolo. M'madzi amenewa muli sitima zoba nsomba, muli ozembetsa mankhwala osokoneza bongo, muli akuba perlemoen (mtundu wa nkhono za m'nyanja) m'mphepete, muli zingwe za intaneti zodutsa pansi, ndipo katundu wambiri wolowa ndi kutuluka m'dziko muno amayenda panyanja, kudzera ku Durban, Richards Bay, Cape Town, Gqeberha, Saldanha. Chiyambireni kumapeto kwa 2023 pamene a Houthi a ku Yemen anayamba kuwombera sitima ku Red Sea, makampani ambiri anasiya njira ya Suez n'kumazungulira ku Cape, ndiye magalimoto a panyanja, titero kunena kwake, achuluka pakhomo pomwe pano. Pamwamba pa kulondera, nevi iyenera kukhala yokonzekera nkhondo, kuthandiza pakagwa ngozi, kujambula mapu a pansi pa nyanja, ndi kutumikira SADC ikaitana.

Ndiye kodi amayeza bwanji ngati ntchito yagwirika? Unduna wa zachitetezo umatulutsa lipoti chaka chilichonse n'kupereka ku nyumba ya malamulo, ndipo m'menemo muli mzere umodzi umene ine ndimathamangira kuona, maola amene sitima zonse pamodzi zakhala panyanja. Kale ankadziikira maola 12,000 pa chaka, kenako anatsitsa kufika 10,000, kenako 8,000. Tsopano tengani kakyuleta. Chaka chili ndi maola 8,760. Kutanthauza kuti cholinga cha nevi yonse, ma frigate, ma sabumarini, maboti olondera, sitima yojambula mapu, zonse kuphatikiza, n'chochepera pa sitima imodzi yokha itakhala panyanja chaka chathunthu. Ndipo ngakhale chimenecho sanachifike, mu chaka cha boma cha 2022/23 komanso 2023/24 maola sanakwane 3,000. Gawani ndi 24 mupeza kuti ndi masiku osafika 125. Masiku ena onse otsalawo, mwa masamu, m'dera lonse lija munalibe sitima ya nevi ngakhale imodzi. Ndipo kumbukirani kuti m'maola ochepawo muli ophunzitsira asilikali, oyesera injini ikakonzedwa, ochita zionetsero ndi alendo, si onse amene ali olondera.

Ine chimene chimandikwiyitsa pa malipoti otere si nambala yotsikayo yokha ayi, ndi khalidwe lotsitsa cholinga. Ukalephera 12,000 n'kulemba 10,000, ukalepheranso n'kulemba 8,000, pa pepala kulepherako kumaoneka kochepa pamene nyanja sinachepe ngakhale mita imodzi. Cholinga chimayenera kuchokera pa kukula kwa ntchito, osati pa kuchepa kwa thumba.

Chifukwa chake n'chodziwika ndipo a nevi eniake sabisa. Ma frigate ndi ma sabumarini anabwera ndi mgwirizano wogula zida wa 1999, uja wa ndalama pafupifupi R30 biliyoni umene milandu yake ya katangale ikuvutabe m'makhoti mpaka lero. Anagula zabwino ndithu, pa nthawi imeneyo panalibe wofanana nawo kum'mwera kwa Sahara. Koma sitima yankhondo ili ndi kalendala yake, ikayenda zaka zingapo iyenera kulowa pa doko louma, kutsegula injini, kusintha mapaipi, kukonza ma radar ndi makompyuta oyendetsa zida, ndipo pakati pa moyo wake pamafunika kukonza kwakukulu kosintha zida zimene zatha fasho. Pa ma frigate anayi aja, Amatola yokha ndi imene inalandirako sevisi yaikulu cha mu 2014 ndi 2015 ku Durban, nayonso sinali yathunthu. Pa ma sabumarini, Manthatisi yokha. Enawo anangopitirira nthawi yawo akudikira ndalama. Ndiye zimene zimachitika ndi zoti sipeya ikasowa amakachotsa pa sitima ina imene yaima kuti inzake iyende, ndipo yochotsedwayo imaima mpaka kalekale.

Ndalama ya chitetezo m'dziko muno ili pansi pa 1 peresenti ya chuma chonse chimene dziko limapanga pa chaka, ndipo pa imeneyo yoposa theka imathera ku malipiro a anthu. Yotsalayo agawane a pamtunda, a ndege, a chipatala ndi a nevi, mugule mafuta, masipeya amene ambiri ndi ochokera kunja pamene rand ikugwa, ndiye muona kuti sizingatheke. Onjezerani mavuto a Denel imene inafika polephera kulipira antchito ake, akatswiri n'kumathawira kunja, komanso doko lokonzera sitima la ku Simon's Town limene limayendetsedwa ndi Armscor, bungwe la boma logulira asilikali zida, ndipo lakhala likudandaulidwa ku nyumba ya malamulo kuti lilibe anthu ndi zida zokwanira. Mkulu wa nevi, Vice Admiral Monde Lobese, amene anatenga udindowu kumapeto kwa 2022, wakhala akulankhula poyera kuti popanda ndalama nyanja ili pambalambanda. Kwa msilikali wa udindo wotero kulankhula chonchi si zachizolowezi, ndipo ine pa ichi ndimamupatsa ulemu, bola wonena kusiyana ndi wongomwetulira pa perete.

Chitsanzo chooneka bwino ndi Operation Copper. Kumapeto kwa 2010 achifwamba a ku Somalia anafika mpaka m'madzi a Mozambique n'kulanda sitima ya asodzi yotchedwa Vega 5, ndiye mu 2011 South Africa inayamba kutumiza ma frigate kukalondera Mozambique Channel kuchokera ku Pemba, mosinthanasinthana. Mu 2012 sitima ya nevi yotchedwa Drakensberg inathandiza nawo kutsekereza achifwamba amene anagwidwa cha ku Tanzania. Imeneyo inali nevi ikugwira ntchito, ndipo uchifwamba kumeneko unazilala. Lero opareshoniyi pa pepala ikadalipo, pulezidenti amaiwonjezera chaka ndi chaka, koma maulendo enieni achepa kwambiri, zaka zina osapitako n'komwe chifukwa palibe sitima yoti ipite. Pamene SADC inatumiza asilikali ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, mu 2021, yoyamba kupita ku Pemba inali Makhanda, kaboti kakale ka m'ma 1980 kamene anangokasintha kukhala kolondera. Drakensberg yomweyo, sitima yonyamulira zinzake mafuta ndi chakudya, yopangidwa ku Durban ndipo inayamba ntchito mu 1987, zaka zapitazi yakhala kwambiri pa doko kudikira kukonzedwa, ndipo popanda iyo frigate siingapite kutali osadalira madoko a eni. Kumwambaku nako ndi chimodzimodzi, ndege zolondera nyanja zenizeni za Shackleton zinapuma mu 1984, ntchito n'kutsalira ma Dakota a nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse owaika injini zatsopano. Sitima yopanda ndege yoiuza kumene wakuba ali imangoyenda mwa mwayi.

Pali nkhani ina imene sindingailumphe. Pa 20 Seputembala 2023 Manthatisi inali pamwamba pa madzi cha ku Kommetjie, ikupita ku Cape Town kukaonetsedwa kwa anthu, ndipo ankayeserera kulandira katundu kuchokera mu helikopita. Mafunde aakulu anakokolola asilikali asanu ndi awiri amene anali pamwamba pa sitimayo, atatu anamwalira, Lieutenant Commander Gillian Hector, Master Warrant Officer William Mathipa ndi Warrant Officer Mmokwapa Mojela. Mayi Hector anali wachiwiri kwa kaputeni, m'modzi mwa amayi oyamba kufika patali chonchi pa ntchito ya sabumarini mu Africa muno. Anthu odzipereka a NSRI, bungwe lopulumutsa anthu panyanja, ndi amene anathamangira kukathandiza kupulumutsa enawo. Ndikuitchula nkhaniyi kuti mukamva ndikudandaula za maola musaganize kuti ndikunyoza anthu ovala yunifolomu, ntchito yawo ndi yoika moyo pachiswe ngakhale tsiku lopanda nkhondo, ndipo nyanja ya ku Cape ndi imodzi mwa zolusa kwambiri padziko lapansi. Luso la panyanja limakula ndi kukhala panyanja, ofisala wachinyamata amafunika maola ambirimbiri asanapatsidwe chilolezo choyendetsa sitima yekha usiku, ndiye sitima zikamangoima ngakhale mzere wa makaputeni a mawa umaima nawo. Ambiri aluso amatopa n'kupita ku makampani a sitima zamalonda, ndani angawadzudzule.

Kuti ndisakhale ngati wongoona zoipa, nyenyezi ziwiri zija zili ndi pochokera. Choyamba ndi maboti atatu atsopano olondera m'mphepete amene anapangidwa konkuno ku Cape Town ndi kampani ya Damen, King Sekhukhune I imene inaperekedwa mu 2022, kenako King Shaka Zulu ndi Adam Kok III. Ndi otalika mamita 62, mphuno yake yoongoka ngati nkhwangwa kuti azidula mafunde, sadya mafuta ngati frigate, safuna anthu ambiri, ndipo pa ntchito yothamangitsa akuba nsomba ndi ozembetsa katundu ndi oyenera kwambiri kusiyana ndi kutumiza chisitima cha mamisayilo. Kwa ine apa ndi pamene ndalama inagwira ntchito bwino. Vuto n'lakuti pulani yoyamba inali ndi maboti enanso akuluakulu olondera kutali, amenewo anawasiya chifukwa cha ndalama, ndiye atatuwa ndi a m'mbali, ku Marion si kwawo.

Chachiwiri ndi ntchito imene anthu saiona, yojambula mapu a panyanja. Ofesi ya nevi yoona za kuya kwa madzi ndi imene imatulutsa mapu amene kaputeni aliyense wolowa ku Durban kapena ku Cape Town amadalira, ndiponso ndi imene imatumiza machenjezo kwa sitima m'chigawo chachikulu cha nyanja chotchedwa NAVAREA VII, kuti apa pali kontena yoyandama, apo nyali yazima. Zimenezi zikuyendabe ndipo dziko lonse limazikhulupirira. Koma taonani, sitima yake ndi Protea, ya 1972, zaka zoposa 50. Yolowa m'malo mwake, imene idzatchedwa Nelson Mandela, akuipanga ku Durban ndipo yachedwa ndi zaka kuchokera pa tsiku limene analonjeza. Ma diver awo nawonso ndi a mbiri, anthu akale amakumbukira za Oceanos, sitima ya alendo imene inamira cha ku Coffee Bay mu Ogasiti 1991, ma helikopita a asilikali atatsitsa ma diver a nevi pa sitima yopendekekayo n'kumamangirira anthu m'modzim'modzi, ndipo pa anthu 571 palibe anafa. Mpaka lero kukasefukira madzi kapena munthu akamira m'damu, amaitanidwa.

Za zionetsero ndi maiko ena ndili ndi maganizo awiri. Kuyeserera limodzi n'kofunika, ali ndi IBSAMAR pamodzi ndi India ndi Brazil, Good Hope ndi Germany, Oxide ndi France, ndipo mu 2017 Amatola inapita mpaka ku Britain kukayesedwa ndi Royal Navy komanso kukakumbukira zaka 100 za Mendi pa malo pomwe inamira, ulendo umene unaonetsa kuti sitimazi zikasamalidwa zimafika kulikonse. Koma pena andale amaigwiritsa ntchito nevi ngati mbendera yokupiza. Mosi II, imene anachita ndi Russia ndi China cha ku Durban ndi Richards Bay mu Febuluwale 2023, inagwera pa sabata yomwe nkhondo ya ku Ukraine imakwanitsa chaka, ndipo phokoso lake linali lalikulu kuposa phindu. Miyezi iwiri m'mbuyo mwake sitima ya ku Russia yotchedwa Lady R inali itakocheza pa doko la nevi ku Simon's Town, kazembe wa America Reuben Brigety n'kudzanena mu Meyi kuti inanyamula zida, rand inagwa, kenako gulu lofufuza limene pulezidenti anakhazikitsa linati silinapeze umboni woti zida zinakwezedwa. Kaya muli mbali iti pa ndale zimenezi, ine changa n'chakuti ngati maola a chaka chonse sakukwana 3,000, ola lililonse lothera pa chionetsero cha makamera lachotsedwa pa kulondera, ndipo zimachititsa manyazi alendo akamabwera ndi sitima kuchokera kutsidya kwa dziko pamene mwini nyumba akuvutika kutulutsa imodzi pa geti lake.

Kodi pali chiyembekezo? Pang'ono. Mu 2023 a zachuma anapatula R1.4 biliyoni yokonzera frigate imodzi ndi sabumarini imodzi, ndipo Isandlwana inatumizidwa ku Durban kuti ikalandire sevisi imene inayenera kulandira kalekale. Maboti atsopano aja nawo akamayenda pafupipafupi maola akwera, ngakhale ola la boti la m'mbali si lofanana ndi ola la frigate ku Mozambique Channel, ndiye polemba lipoti ndikanakonda azisiyanitsa, atiuze maola olondera pawokha, ophunzira pawokha, ndiponso sitima iliyonse inayenda masiku angati. Kukonza kamodzi ndi ndalama yongopatsidwa mwa apo ndi apo sikuthetsa vuto, chifukwa kalendala ya sevisi siima, imodzi ikamatuluka pa doko louma inzake imakhala itapitirira kale nthawi. Spioenkop ndi Mendi zili pa mzere womwewo kudikira, ndipo kuyambira pamene zinayamba ntchito zaka zake zili cha mu 20.